Dontho pa kompyuta ya Yamikani

Moni nonse abale anga.

Lero Mulungu watichitira chifundo. Paja Yamikani wakhala akulumikiza yekha kompyuta yojambulira mapulani a nyumba, ija imazizira ndi madzi oyenda m'timapaipi. M'mawa uno wathira madzi koyamba, atayala tishu pansi pa molumikizira monse. Ine ndi amene ndinaona tishu imodzi ikunyowa pang'onopang'ono.

Bambo ake osachedwa, atenga sipanala ija amamangira pampu ya ku mpunga, ndi mphira ya chubu cha njinga. Akuti, "Tapatuka iwe, mapaipi ndinayamba kale ine."

Mwana anawagwira dzanja mwaulemu. "Ababa, izi n'za zala basi. Sipanala ing'amba kamphira ka m'kati."

Anapotokola polumikizira podonthapo ndi zala ziwiri, n'kuyala tishu ina. Mpaka pano ndi youma. Mwayi wake anali asanayatse zam'katimo, apo ayi thukuta lake lonse likanapsera pomwepo. Ambuye alemekezeke.

Koma bambo akewo angokhala pakhonde, sakuyankhula ndi munthu. Achimwene, inu mumawadziwa bwino alamu anu. Yamikani akapepese, kapena tingowasiya ziwathere zokha?