Kainjini Koyendera Madzi

Ndagwira ntchito zaka zambiri pafakitale ya magalimoto ku Solihull, kuno kudziko la azungu, ndipo kwa ine injini ndi chinthu cholira mpaka mano kugwedera. Choncho mwana wanga wamkazi atandiitana kuyunivesite kuti ndikaone akuyesa injini yokankha masatelayiti imene gulu lawo linkapanga, ndinavala suti, n'kutapa kuntchito timphira totseka m'makutu: tanga, ta mayi ake, ndi tina tapadera.

M'basi yochokera ku Erdington mayi ake anandichenjeza kuti ndisamale pakamwa. Amandidziwa. Ine nthabwala sinditha kuisunga, pomwe mwanayu, wobadwira konkuno, mawu anga amawatenga ngati chigamulo cha khoti. Panali patatha zaka osandiuzako za ntchito yake poopa kuti ndimuseka. Zinkandiwawa, ndipo ndinkadziwa kuti ndikalakwitsa tsikulo sadzandiitananso.

Mwanayo anatilandira pakhomo la labu, chipinda chawo choyeseramo zinthu. Ataona timphirato m'manja mwanga anagwetsa nkhope. Kenako anafotokoza m'Chingerezi kuti kulira kwapansipansi tinkamvako kunali kwa mapampu ochotsa mpweya m'thanki momwe munali injiniyo. Injiniyo payokha siisokosa. Siyendera mafuta apoizoni ngati injini zina zotere, imayendera madzi. Mphamvu yake, akuti, siiposa kulemera kwa kapepala padzanja, koma kumwambako kulibe mphepo yolimbana nayo, ndiye ikamakankha pang'onopang'ono kwa miyezi, satelayiti imakafika kumene ikufunika.

Ndinasuzumira pakawindo ka thankiyo. Kanthu kake kokwana m'thumba la jekete. Mnzake wina anadina pakompyuta, ndipo kukamwa kwa kainjiniko kunatuluka kuwala kofooka, ngati kwa chitofu cha gasi chikamathera. Nthabwala inafika pakhosi, yabwino ndithu, yokhudza ketulo. Ndinaimeza.

Nditatembenuka ndinapeza kuti mwana wangayo sakuyang'ana injini, akuyang'ana ine, atagwira m'mphepete mwa juzi yake monga ankachitira ali wamng'ono akaswa mbale. Mtima unandisweka. Mwana wamkulu chonchi, wodziwa zinthu zoti ine sindingazitchule n'komwe, akudikirabe pakamwa panga. Anandipempha chapansipansi kuti ndinenepo kanthu.

"Muuze mnzakoyo asazimitse kaye," ndinatero. "Maso anga sanakhute."

Anaseka misozi ikulengeza, n'kundigwira mkono kundikokera kuseri kwa thankiyo, kuti akandionetse pamene madzi amalowera.