Chaka chomwe ndinatulutsa moto m'nyumba

Kwathu ku Mualadzi chimanga cha mbewu timachipachika kudenga, pamwamba pa moto, kuti utsi uzipirikitsa anankafumbwe. Ndiye moto suzima m'nyumba. Yathu inali ya chipinda chimodzi, yopanda zenera, kuphika momwemo, kugona momwemo. Denga linali bii ndi mwaye.

Mwana wanga woyamba anamwalira nyengo yozizira, asanayambe n'kuyenda komwe. Chinayamba ngati chifuwa wamba, kenako kubanika, nthiti zikulowa m'kati akamapuma. Apongozi anga, mayi a amuna anga, anati alipo amene wamudula mwanayo posasunga mwambo, ndipo ponena zimenezo maso anali pa ine. Ndinali mtengwa watsopano, ndinangomeza mate.

Wachiwiri atayamba kupuma chimodzimodzi sindinadikire chilolezo cha munthu. Ndinamubereka ndi nsalu ya kapulana n'kukwera mota, njinga yamoto ija, mpaka kuchipatala ku Chifunde. Anamwino anati ndi chibayo. Atamupatsa mankhwala ananunkhiza kapulana yanga n'kundifunsa ngati mwanayo amagona mophikira. Anati utsi umafooketsa mapapo a khanda, matenda n'kulowa mosavuta. Manyazi anandigwira, koma mkwiyo unaposa.

Tsiku lomwe tinabwerako ndinatulutsa mafuwa onse kukawaika pansi pa mtengo wa mango. Kenako ndinatenga khasu n'kuyamba kuboola khoma. Apongozi anafika akuthamanga, ati zenera ndi khomo la afiti, ati mphepo imaliza mwanayo, ati mbewu yonse ifumbwa. Amuna anga anangoima poteropo manja kumbuyo ngati mlendo.

Ndinagwada bwinobwino, poti ulemu ndinaphunzitsidwa. “Amayi, woyamba uja ndinamuika m'manda ndili chete. Uyu ayi.”

Ndinadzuka n'kupitiriza kuboola.

Ndisaname, mbewu inafumbwadi. Pofika mvula yoyamba chimanga chija chinali ufa wokhawokha. Tinapalasa njinga kukapempha mbewu ina kwa alongo anga, tinadzala mochedwa, ndipo chaka chimenecho nkhokwe sinadzaze ndi theka lomwe. Kuchitsime amayi anzanga ankangonditchula mkazi wogumula nyumba, ena ati zakuchipatala zandizunguza mutu. Zinkandiwawa, ndinalirapo ndithu, koma moto sindinaubwezemo. Pakamwa ndi pawo.

Chaka chotsatira amuna anga anamanga kakhumbi kophikira kuseri, ndipo chimanga cha mbewu chimapachikidwa m'menemo tsopano. Kupepesa kwawo kunali komweko.

Mpaka lero nyengo yodzala ikafika apongozi sakhala osakumbutsa za chaka chomwe ndinadyetsa mbewu anankafumbwe. Amanena zimenezo mdzukulu wawo yemwe uja akuwatula mtsuko wa madzi pakhonde, mtsikana wamsinkhu, chifuwa chili gwa. Yankho langa silisintha: mbewu tinakapempha kwa alongo anga, anatipatsa. Nanga mwana ndikanakapempha kwa yani?