Kagongono Anakwezedwa Basi

Ndinali ndi zaka zisanu ndi zitatu pamene amayi anandilanda mnzanga yekhayo amene ndinkacheza naye m'Chichewa popanda kucheukacheuka. Munali mu 2008, tikukhala ku Clermont, kudziko la Azulu, m'kachipinda ka lendi kuseri kwa nyumba ya mayi wina wachizulu amene tonse tinkangowatchula kuti Gogo. Amayi anali telala. Makina awo osokera ankadya theka la chipindacho, ife n'kumagona m'theka linalo.

Mnzangayo dzina lake anali Kagongono. Ndinkagona nditatsamira mkono, ndipo iye ankakhala pomwe mkono umapindikira, pachigongono. Kukula kwake anali ngati mbewa, ubweya wake wa tizidutswa ta nsalu togwa pansi pa makina, makutu ake mabatani awiri osafanana. Tulo tikangondigwira ankatuluka n'kunditengera kumene wafuna: kumsika kumene zitumbuwa ankapereka ulere, pamwamba pa sitima za padoko, nthawi zina kwa bambo anga amene anatsala ku Zomba, omwe nkhope yawo ndinali nditayamba kuiwala. Chizulu sankachidziwa, Chingerezi ankati chimamuyabwa m'makutu. Vuto linali lakuti akandifunsa kanthu ine ndinkayankha mokweza. Ndinkabwebweta kutulo.

Anthu a pabwalopo amayi anawauza kuti ndife a ku Limpopo, chigawo china cha dziko lomwelo, ndipo lamulo la m'nyumba linali lakuti Chichewa chisadutse chitseko. Chaka chimenecho zinthu zinafika poipa. Tinkamva kuti kwina anyamata akuimitsa anthu m'misewu, n'kuwaloza pachigongono kuti atchule dzina lake m'Chizulu, ndipo wolephera ankaona zakuda. Amayi anandibwerezetsa mawuwo mpaka lilime linalema: indololwane, indololwane. Ndiye taganizani, mwa mawu onse a padziko lino, mwana wawo azikuwa "Kagongono" ali m'tulo, khoma lake lopyapyala loti aneba akatsegula botolo ife tinkamva.

Poyamba ankanditsina kuti ndidzuke. Kenako anayamba kundimanga kansalu pakamwa, ndipo m'mawa ndinkakapeza katanyowa ndi malovu ndi misozi. Sizinathandize, chifukwa munthu wogona samva malamulo.

Loweruka lina m'mawa anandipatsa bokosi la machesi lopanda kanthu, nati ndimuikemo mnzangayo. Ndinakana. Ndinati ndi wanga, ndipo sanalakwire munthu.

"Ukufuna atiwotchere m'nyumba muno chifukwa cha kachilombo kakoko? Akatipha, udziwe kuti watiphetsa ndiwe."

Mawu amenewo anandilowa mpaka m'mafupa. Ndinapinda mkono, ndinamutola bwinobwino ndi zala ziwiri, ndinamugoneka m'bokosimo n'kutseka ndekha.

Tinakwera takisi mpaka ku Point, kumene mnzawo wa amayi, Anti Asiyatu a ku Mangochi, ankalongedza katundu wokagulitsa kumudzi. M'chipinda chawo munkanunkhira mabulangete atsopano ndi mchere wa m'nyanja. Amayi anawatsinzinira diso n'kuwapatsa bokosi lija, nawafotokozera kuti muli mlendo wofunika kukwera nawo basi.

"Eish, nayenso akumubweza kwawo? Nanga pasipoti ali nayo?" anatero Anti, onse awiri n'kufa nacho chikhakhali.

Ndinaona bokosilo likulowa pakati pa mabulangete, zipi n'kutsekedwa. Ine sindinaseke. Ndinadana nawo akuluakulu awiriwo tsiku limenelo, ndipo ndinadzida ndekha koposa.

Kubwebweta kunathadi, amayi n'kumati mankhwala agwira. Zoona zake zinali zakuti ndinayamba kuopa tulo. Ndinkagona nditaluma pilo, diso limodzi lili maso, ndipo kusukulu ndinkawodzera mpaka aphunzitsi anatopa n'kundiimiritsa pakona. Maloto akabwera ankakhala opanda mawu. Kagongono sanabwerenso, ndipo sindinamudandaule, poti amene anamutsekera ndinali ineyo.

Patatha masabata awiri, Gogo anabwera m'mawa n'kukhala pa ndowa yovundikira pafupi ndi makina. Anati anyamata a mumsewumo ayamba kufunsa za makwerekwere, dzina lonyozera obwera ngati ife, okhala kuseri kwa nyumba yawo, ndipo iwo ndi nkhalamba, sangathe kutitchinjiriza. Tisamuke sabata isanathe. Amayi anatulutsa Chizulu chawo chabwino chija, nabwereza nkhani ya ku Limpopo. Gogo anangowayang'ana. Ataona kuti madzi afika m'khosi, amayi anandiloza n'kufunsa ngati ndi phokoso la mwanayu limene latiululitsa.

Gogo anadabwa. Anati iwo amagona wailesi ikulira, mawu a mwana sanawamvepo n'kamodzi komwe. Kenako analoza amayi anga.

"Ndiwe, mwana wanga. Ukamadutsa anthu pampopi umati zikomo. Ukalandira chenji umati zikomo. Ngakhale ukagunda chitseko umati zikomo. Pabwalo pano tonse timakutchula MaZikomo kuyambira mwezi umene unabwera."

Amayi anatembenukira ku makina awo. Gogo atatuluka, ine ndi nzeru zanga zachibwana ndinafunsa ngati tsopano Kagongono angabwerere, popeza wapezeka wosalakwa. Sanandiyang'ane n'komwe. Anangoti ndiyambe kulongedza mapoto. Tinasamukira ku Point, m'chipinda chimene tinkagawana ndi mabanja ena awiri, ndipo nkhaniyo sinatchulidwenso.

Lero ndine wamkulu ndipo ndikumvetsa zambiri. Amayi anali okha m'dziko la eni, ndi mwana ndi makina basi. Anyamata a mumsewu aja amayi sakanatha kuwatsina kapena kuwamanga pakamwa, choncho mantha awo anagwera pa munthu amene anali pafupi, wamng'ono, wosabwezera. Ndaziona zimenezi kwa anthu ambiri, ndipo ndikapsa mtima ndimadziletsa kuti ndisazichite kwa ana anga.

Koma kumvetsa n'kwina, kukhululuka n'kwina, ndipo sindinama kuti ndinafika pokhululuka. Kwa masabata awiri ndinkakhulupirira kuti ndikagona tulo tabwino amayi anga aphedwa. Amayiwo alipo, akusokabe, ndipo timacheza bwino. Ndadikira zaka zonsezi kuti tsiku lina adzaikumbuka nkhaniyi. Munthu amene amauza zikomo ngakhale chitseko, ine sanandiuzepo kuti pepa.