Mabotolo Amene Theresa Anatsuka

Theresa Kalinde anabadwira ku Thyolo, kwa mayi amene ankati ulemu wa munthu wamkazi uli pa ukhondo. Anakula akukwecha mapoto ndi mchenga mpaka kuwala ngati kalilole. Mwamuna wake atatisiya, anatula ana ake awiri m'manja mwa achemwali ake n'kupita ku Dubai kukagwira ntchito ya m'nyumba ku Al Barsha. Viza yake inali m'dzina la nyumba imeneyo. Ntchito ikatha, nayonso yatha.

Eni nyumba anali a Marcel, nkhalamba yofatsa ya ku France, ndi mwana wawo wamkazi, Odile. Pansi pa masitepe panali kachipinda kozizira, kamdima, mmene anagonekamo mabotolo asanu ndi limodzi a vinyo wofiira. Za mabotolowo a Marcel sanamuuzepo kanthu. Ankayesa kuti aliyense amadziwa.

Sabata ya ukwati wa Odile, eni nyumba atapita kukachingamira alendo ku bwalo la ndege, Theresa anatsegula kachipindako n'kugwira pakamwa. Fumbi linali mbuu, mapepala a pamabotolo atachita chuku.

"Alendo akaona zimenezi adzati wantchito wa muno ndi wauve," anatero mumtima.

Anathira madzi ofunda ndi sopo m'beseni, n'kuviikamo mabotolo onse. Mapepala aja anamatuka, inki inasungunuka, madzi anada bii. Apo m'pamene anaona pa kachidutswa kamodzi kuti zolembazo zinali zapamanja, osati za makina. Anaimbira foni Lennah, mnzake wa ku Lusaka wolera ana kunyumba yoyandikana nayo.

"Iwe sisi, wasambika vinyo monga mwana?" anaseka Lennah, kenaka n'kusiya kuseka. "Manje mvela. Ukakambe kuti paipi inadontha. Khalas, nkhani yatha."

"Paipi yodontha sopo, achemwali?"

"Ndiye ifa nacho chilungamo chakocho. Ana bako bazadya chilungamo?"

Madzulo Theresa anagwada pakhomo la chipinda chochezera, beseni lili patsogolo.

"Bwana, ndalakwa. Ndimati ndikuyeretsa."

A Marcel sanakalipe. Anatola kachidutswa konyowa kaja, n'kukhala pansi pang'onopang'ono, nayamba kulankhula ngati ali okha. Anati bambo awo anali ndi munda wa mphesa kufupi ndi Bordeaux, pa dothi la nsangalabwi pamene mizu imakumba mozama kufuna madzi. Mphesa yovutika chotero imabala pang'ono, koma vinyo wake amakhala wolemera. Akali mwana amawawa, kuumitsa m'kamwa ngati nthochi yosapsa. Akagona m'migolo ya thundu, kenaka m'botolo zaka zambiri, amafewa, n'kumanunkhira ngati dothi limene lalandira mvula yoyamba. Vinyo uyu anafulidwa chaka chimene Odile anabadwa. Agogo akewo analemba madalitso ndi dzanja lawo pa botolo lililonse, kuti akawerengedwe pa ukwati wake. Chaka chotsatira anamwalira, munda n'kugulitsidwa.

"Vinyoyo wawonongeka, bwana?"

"Mwina ayi. Koma kodi unawerengako zimene analemba?"

"Chifalansa sindichidziwa."

"Ine ndimachidziwa," anatero a Marcel, "koma ndinkasunga kuti ndidzawerenge patsikulo. Pano ndikungokumbukira mzere umodzi umene ndinauona bambo akulemba."

Odile atamva sanalire pamaso pa anthu. Anangoti Theresa athandize mpaka ukwati utatha, kenaka ntchito yake ithere pomwepo.

Pa phwando lake, Theresa ndi amene ananyamula mabotolo opanda dzinawo. Alendo ananunkhiza, kulawa, n'kutsinzina chifukwa cha kukoma. A Marcel anaimirira, nanena mzere umodzi uja, n'kukhalanso pansi.

Patatha masiku atatu, Theresa anamanga katundu. A Marcel anamulembera kalata yomuchitira umboni, yonena kuti ndi wakhama ndiponso sanama. Kalatayo inamupezera ntchito masiku a viza atatsala ochepa, kunyumba yogona alendo ku Naif, dera lina la Dubai, kumene amachapa nsalu za pabedi kuyambira m'mawa, m'chipinda chotentha ngati ng'anjo. Kwawo anangowauza kuti anasintha ntchito. Anzake a kumeneko amamuseka kuti ndi wamantha, chifukwa akapeza ngakhale kapepala kakuda pansi pa bedi, amapita nako kwa kapitawo kukafunsa ngati n'kotaya.