Dzuwa la Kumunsi kwa Phiri

Amuna anga ankagwira ntchito ya zankhalango, ndiye tinkakhala pamwamba pa Phiri la Zomba, pakati pa mapaini. Achibale ankati tili ku Ulaya. Sankadziwa kuti ikafika Juni chifunga chimalowa mpaka m'bafa, ndipo zovala zimagonera pachingwe osauma.

Nyengo imeneyo ikafika, amuna anga ankasintha. Munthu wolongolola uja ankangoti zii. Kudzuka ankachita kukokedwa. Akamwa tiyi wa shuga wambiri ankabwerera m'bulangete kukayang'ana khoma. Ine ndinkapsa mtima, koma pansi pamtima ndinkaopa. Ndinkaona kuti munthuyu akundichoka tili m'nyumba imodzi.

Tinayesa zonse. Anakayezetsa malungo, sanapezeke. Apongozi anati ndi anzawo akuntchito akuwachitira kaduka. Amumpingo anabwera kudzapemphera, n'kumaliza mbatata zanga. Mu Ogasiti kunja kutayera, munthu anachira, ndipo aliyense anati wawachiritsa ndi iyeyo.

Chaka chotsatira zitayambiranso, ndinawakankhira kuchipatala kutauni. Anabwerako opanda ndi panado yemwe.

"Ndiye adokotala anati chiyani?" ndinafunsa.

"Zambirimbiri," anatero, n'kukagona.

Koma kuyambira pamenepo anayamba kudzuka okha m'mamawa. Ankasamba, kudzola, n'kutsika phiri limodzi ndi onyamula nkhuni. Akamabwerera kudzayamba ntchito ankaimba mluzu. Mayi wina wogulitsa sitiroberi pamsewu anandiitanira pambali.

"Amwali, mwamuna akayamba kusamba osauzidwa mu Juni, dziwani kuti kumunsi kuli wina."

Tsiku lotsatira ndinamanga chitenje m'chiuno n'kuwatsatira chapatali. Njira yonse ndinkakonza mawu okamuuza mkaziyo. M'maganizo mwanga ndinali nditamupatsa kale nkhope, ndi chipinda cha lendi ku Matawale.

Titatsika ndithu, chifunga chinatsala kumbuyo. Kumunsi kunali kowala bwinobwino. Ndinawapeza atakhala pamwala m'mbali mwa msewu, chipewa pabondo, atatambalala ngati buluzi. Ndinabisala kudikira kuti mkaziyo atulukire. Panangodutsa njinga ya makala. Miyendo itatopa ndinatuluka.

"Ali kuti?"

Anadzidzimuka. "Ndani?"

"Musandipusitse. Amene mumamusambira uja."

Anayang'ana pansi. Kenako anafotokoza kuti adokotala anati ndi matenda a maganizo, amene amagwira anthu ena dzuwa likamasowa. Akuti kumayiko ozizira odwala amakhala pafupi ndi nyali yowala kwambiri m'mawa uliwonse.

"Ine ndinawafunsa kuti magetsi ake ati. Ndiye anati kwathu kuno dzuwa lilipo, ndizingotsika kudzaliwothera."

"Nanga osandiuza bwanji? Mukudziwa zimene akukunenani pamsewupa?"

"Ndikudziwa."

"Ndiye?"

"Mayi, bambo wamkulu ngati ine ndiziti ndikudwala maganizo? Bola muziti ndili ndi chibwenzi."

Anayankhula mofatsa, ngati akunena za mtengo wa tomato. Mawu amenewo anandipweteka kuposa mkazi amene ndinabwera kudzamenyana naye. Zaka zonsezo ndinkawakalipira kuti adzuke, ndipo iwo anaona kuti kutchedwa wachimasomaso n'kopepuka kusiyana ndi kundiuza kuti akuvutika.

Ndinamasula chitenje chija, n'kuyala pamwalapo.

"Sunthani," ndinatero. "Ngati anthu akufuna kunena, anene kuti chibwenzicho ndine."