Zinziri za Chifuwa Chopanda Mawanga

Ntchito yolembedwa ndidaipeza imvi zitadzaza kale m'mutu. Moyo wanga wonse ndidalima kwathu ku Malowera, koma mawondo atayamba kukana khasu ndidasamukira ku Fingoe kwa mwana wanga wamkazi, kumene ndidasanduka munthu wongodikira mbale. Tsiku lina Dona Rozita, mwini baraka yodyeramo anthu okumba golide, adamva kuti paunyamata wanga ndinali katswiri wotchera zinziri m'minda ya mapira. Iye adafuna kuweta zinziri za m'khola kuti azigulitsa mazira owiritsa.

"Titiyo," adatero, ponditchula mwaulemu ngati malume ake, "mukandisankhire zazikazi makumi atatu ndi zazimuna zisanu. Zikayamba kuikira, serviso, ntchito yoziweta, ndi yanu mpaka mudzatope nokha."

Ndidamanga gayola, khola la nsungwi ndi waya wa maso ang'onoang'ono, pansi ndidayala utuchi. M'chomwera ndidaika timiyala kuti anapiye asamire, ndipo chakudya chawo cha m'thumba, chimene timati rasau, ndidachipachika kudenga poopa makoswe. Ndidayambanso kuvala malaya anga a ku tchalitchi pakati pa sabata.

Wogulitsa adali bambo wa ku Tete amene adabwera pa lole ndi mabokosi a anapiye a masabata atatu. Pa msinkhu umenewo nthenga za pachifuwa zimakhala zitayamba kuoneka mtundu. Tsono zinziri za kutchire zimene ndidakula nazo, yaimuna ndiyo imakhala ndi zakuda pakhosi ndi pachifuwa. Yaikazi imakhala yofiirira, yopanda chokongoletsa. Choncho ndidatembenuza mwanapiye mmodzimmodzi m'dzanja langa, nkumasankha a chifuwa chofiirira ngati dothi la katondo. Amawanga akuda ndidangotengapo asanu.

"Madala, mukusankha chobwerera," adatero wogulitsayo. "Zamawangazo ndiye mathadzi."

Ine ndidaganiza kuti afuna kundikankhira zazimuna, monga amachitira amalonda ena akaona nkhalamba. Ndidamuyankha kuti, "Mwana wanga, ndidayamba kugwira zinziri amayi ako asanakwatiwe."

Adaseka, natseka bokosi. "Chabwino, madala. Wogula ndinu."

Zinziri za m'khola zimayamba kuikira pa sabata yachisanu ndi chimodzi kapena yachisanu ndi chiwiri. Zanga zidayamba kulira. M'mawa uliwonse gayola yonse inkachita phokoso, mbalame zitaimika makosi. Zidayambanso kujomphana, ndipo zamawanga zija zidatha nthenga za pamutu mpaka magazi. Ine ndinkati n'zazimuna zikulimbirana akazi. Zitatu mwa zamawangazo zidafa. Dona Rozita akafunsa za dzira, ndinkamuuza kuti kuona maso a nkhono n'kudekha.

Pa sabata yachisanu ndi chitatu adabwera ndi Mayi Tembo, Mnsenga amene adawetapo zinziri kwawo asanatsatire mwamuna wake ku migodi. Mayiwa adandipatsa moni atagwada, kenaka adapisa dzanja m'gayola. Adagwira imodzi ya chifuwa chofiirira, naigoneka chagada, nafinya pang'ono ndi chala chachikulu kachotupa ka pansi pa mchira, pafupi ndi potulukira zitosi. Padatuluka thovu loyera ngati la sopo.

"Iyi ndi yaimuna, agogo. Yaikazi siitulutsa thovu."

Adagwira yachiwiri, thovu. Yachitatu, thovu. Okumba golide amene ankadya m'baraka adatuluka ndi mbale zawo kudzaonerera, nayamba kuwerenga mokweza. Pofika ya makumi awiri, wina adafuula kuti, "Madala atsegula seminale! Muli apadiri okhaokha umu!" Onse adaseka. Ine amene ndidaphunzira kwa apadiri, ansembe a pa mishoni imene timati misau, ndidamva nthabwalayo kuposa wina aliyense.

Zonse makumi atatu zidatulutsa thovu. Mathadzi adali awiri amawanga otsala aja, amene ine ndidawasiya pakati pa amuna onsewo kwa mwezi wathunthu. Limodzi lidali litabooka kale diso.

Dona Rozita sadakalipe. Akadakalipa bwenzi zitandipepukira. Adangoti, "Titiyo, pitani mukatenge mpeni. Rasau yatha, ndipo sindigulanso ina." Masana onse ndidakhala kuseri kwa baraka kupha ndi kusosola mbalame zimene ndidazilera. Nthenga iliyonse ya pachifuwa imene ndidazula inali yofiirira. Zidakazingidwa tsiku lomwelo, ndipo okumba aja adaziyamikira kukoma. Mathadzi awiriwo adaperekedwa kwa Mayi Tembo, pamodzi ndi ntchito yanga.

Kwa amene afuna kugula zinziri za m'khola ndinena izi. Dikirani anapiye akwane masabata atatu, muyang'ane pachifuwa: mawanga akuda ndi thadzi, kufiirira kosalala ndi yaimuna. Zoyera thupi lonse musazikhulupirire ndi maso. Dikirani zikule, muyese thovu. Ndipo wamng'ono akakuuzani kuti mwalakwitsa, mufunseni chifukwa chake musanamuuze zaka zanu. Akale adati tsobola wakale sawawa. Ine ndinkayesa kuti amanena za anthu ena.

Nzeru imeneyi ndaipeza pamene palibenso wondituma. Pa msika amanditchula kuti Madala Seminale. Gayola ija mwana wanga amasungiramo makala, ndipo ine ndabwerera pakhonde, kudikira mbale.