Mazira mu rediyeta ya ba malume

Mwachoma bwanji nonse.

Ija motoka yakale ya ba malume Phiri, yoti inyamule Chisomo pa ukwati wake Loweruka, lelo makaniko waiika rediyeta yatsopano na mapaipi ake.

Makaniko atangochoka, ba malume baswela mazira awiri mu rediyetamo. Akuti ni mmene bamatsekela kudontha kuyambila kale. Ine ndati, "Malume, yatsopano siidontha." Bandiyankha, "Iwe, ni katemela."

Tanyamuka ku Matero kukaiyesa motoka. Pofika pa Mandevu yawila, nthunzi kutuluka mu boneti, fungo la mazira msewu wonse. Mayi wina wabwela kufunsa ngati tigulitsa na mchele womwe.

Manje ba malume bakuti vuto ni mazira a ku shopu, mawa baikamo a nkhuku ya kumudzi.

Abale, mkwatibwi Chisomo timukweze motoka imeneyi, olo tifune minibasi?